Pomwe maso aima: mmene ndimakhazikitsira mtima mantha akandigwira

Ndimagulitsa zitenje ndi nsalu za mayunifomu pa msika wa Kapata ku Chipata, ndipo katundu wanga ndimakaoda ku Kamwala, ku Lusaka. Kwa zaka zambiri ulendo wa makilomita pafupifupi 570 umenewo unali ngati kupita kudimba. Ndinkakwera basi mbandakucha, kugona mpaka pa Petauke, kugula nthochi pa Nyimba, madzulo ndili m'tauni. Zaka zitatu zapitazo tikubwerera, basi yathu inaphulika tayala lakutsogolo potsika mapiri a Manenekela n'kugwa chammbali. Ine ndinatulukira pawindo ndi bala laling'ono pachigongono. Mayi amene tinakhala mpando umodzi, amene tinali titagawana mtedza wokazinga pa Chongwe, anthu anawanyamula pa chitenje, ndipo sindinamvenso za iwo.

Bala linapola pasanathe milungu iwiri, koma thupi linakana kukhulupirira kuti ngozi yatha. Lole ikangoliza mabuleki mumsewu, manja ankachita dzanzi. Tsiku lina mnyamata wina anagwetsa lata pafupi ndi shopu yanga, ndipo ndinangozindikira ndagwada kuseri kwa kauntala, nsalu ya kasitomala ili m'manja, mtima uli phaphapha. Usiku ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko thukuta lili kamukamu, fungo la dizilo lili m'mphuno. Basi sindinkayiyandikira. Ndinayamba kutuma anzanga kuti azikandiodera, iwo n'kumabwera ndi mitundu ya zitenje imene makasitomala anga saifuna, ndipo mpamba unayamba kutsika.

Amayi anzanga a chigwirizano ankabwera kudzapemphera nane, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Abambo akunyumba ankati, "Amake mwana, mwapulumuka, china n'chiyani?" Sankanena mwankhanza. Ankafunsadi, ndipo ine yankho ndinalibe.

Chimene chinandithandiza ndi njira yotchedwa Brainspotting. Munthu amapeza malo amodzi oimikapo maso, n'kumamvetsera zimene thupi likuchita maso ali pomwepo. Ndifotokoza mmene zimayendera ukakhala ndi mlangizi, kenako kagawo kakang'ono kamene munthu angachite yekha kunyumba. Ine si dokotala. Ndine munthu amene anakhala pampando kuchita zimenezi, ndipo ndikuzichitabe.

Musanayambe chilichonse, pitani kuchipatala

Mtima kugunda mothamanga, kubanika, chizungulire, kupweteka pachifuwa: zonsezi nkhawa imabweretsa, koma BP, kuchepa kwa magazi, shuga ndi matenda a mtima zimabweretsanso zomwezo. Ine anandipima BP, shuga ndi magazi kukiliniki, zonse zinali bwino, ndipo mpamene a kiliniko anandifunsa ngati chinachake choopsa chinandichitikirapo. Nditawafotokozera anandiuza kuti munthu akadutsa m'zoopsa, mantha a masiku oyamba ndi achibadwa, koma ukatha mwezi munthu akulotabe zoopsazo, akuthawa chilichonse chomukumbutsa, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, pamenepo pamafunika thandizo. Vuto limeneli achipatala amalitcha PTSD.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndaonapo anthu akuti "ndi maganizo chabe" pomwe BP yakwera kale.

Kumene njirayi inachokera

Anaiyambitsa ndi David Grand, mlangizi wa za maganizo wa ku New York, mu 2003. Iye ankagwiritsa kale ntchito njira ina yotchedwa EMDR, imene Francine Shapiro anaitulukira mu 1987, momwe wodwala amatsatira ndi maso chala cha mlangizi chikuyenda uku ndi uku kwinaku akukumbukira chimene chinamuopsa. Tsiku lina Grand ankathandiza mtsikana wa zaka 16 wochita masewera otsetsereka pa ayisi, amene ankalephera kudumpha kwina kozungulira katatu m'mwamba. Akuyendetsa chala pang'onopang'ono, anaona maso a mtsikanayo akugwedera pamalo ena n'kuima. M'malo mopitiriza, anaimika chala pomwepo. Kwa mphindi pafupifupi 10 mtsikanayo anatulutsa zowawa zakale zimene anali asanazitchulepo, ndipo m'mawa mwake anaimba foni kuti kudumpha kuja kwatheka. Grand analemba buku la njirayi mu 2013.

Mfundo yake ndi yoti komwe munthu wayang'ana kumakhudza mmene akumvera. Iye amafotokoza kuti zoopsa zimasungika m'zigawo zakuya za ubongo, zimene zimalamulira kugunda kwa mtima, kupuma ndi kudzidzimuka, kumene mawu safika bwinobwino, ndipo maso akaima pamalo ogwirizana ndi chowawacho, ubongo umapeza mpata wochigaya. Kumeneko ndi kufotokoza kwa mwiniwake. Kafukufuku amene wachitika pa Brainspotting ndi wochepa, ndipo wambiri anachitika pa anthu owerengeka. EMDR pamodzi ndi uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake) wolunjika pa zoopsa ndi zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linavomereza mu 2013 pothandiza anthu a PTSD. Choncho mukapeza mlangizi wodziwa EMDR kapena CBT, musamusiye n'kumasakasaka wa Brainspotting. Ine ndinapeza wa Brainspotting chifukwa ndi amene mwana wa akulu anga, yemwe ndi nesi ku Lusaka, ankamudziwa.

Koma nditamva mfundoyo sinandidabwitse. Pitani pamaliro mukaone namfedwa usiku anthu akasiya kuimba. Maso ake amakhala dwii pamalo amodzi, pangodya ya mphasa kapena pa chikuni cha pamoto. Ambuya anga akamasimba za mwana wawo amene anamwalira kumigodi, ankayang'ana pansi chakumanzere, pafupi ndi mtondo, ulendo uliwonse pomwepo. Akamaliza ankausa moyo, kutukula mutu, n'kutituma madzi. Maso amadziwa kale kopita munthu akamakumba za mumtima. Chimene Grand anachita ndi kuwauza kuti akhale pomwepo nthawi yaitali, wina ali pambali.

Mmene zimayendera ukakhala ndi mlangizi

Ku Lusaka sindikanapita, popeza vuto lenilenilo linali basi. Tinkakumana pa foni, pa vidiyo ya WhatsApp. Ndinkatsamiritsa foni pa botolo la mafuta ophikira patebulo, kutseka chitseko, ana ali kusukulu. Ngati muchita chimodzimodzi, tchajani foni idzaze, gulani bandulo yokwanira ola lathunthu, ndipo mugwirizane ndi mlangizi chochita netiweki ikaduka muli pakati pa kulira. Ife tinagwirizana kuti iwo aziimba foni wamba nthawi yomweyo.

Tsiku loyamba sitinakhudze ngozi n'komwe. Anandifunsa za tulo, za chakudya, ngati ndimamwa mowa, ngati kunyumba kuli mtendere, ngati ndinaganizapo zodzipha. Kenako anandiphunzitsa kupeza malo a bata, amene ndiwafotokoza kutsogoloku. Mlangizi amene tsiku loyamba lomwelo akukulowetsani m'chowawa chenicheni asanakupatseni pogwira, ameneyo mukayikireni.

Ulendo wachiwiri anati, "Amayi, simukuyenera kundifotokozera zonse. Ingokumbukirani pang'ono za tsiku lija. Mukuzimva pati m'thupi?"

Funso limeneli linandivuta. Ife tinazolowera kunena kuti mtima ukuwawa, basi. Koma nditakhala chete ndinapeza kuti ndi pakhosi, ngati ndameza mbatata yosatafuna, ndi m'mawondo.

"Kuchokera pa 0 kufika pa 10, pomwe 0 ndi bata ndipo 10 ndi pomwe simungapirire, muli pati?"

Ndinati 8. Muyeso umenewu alangizi ambiri amaugwiritsa ntchito. Unachokera kwa Joseph Wolpe, dokotala wa za maganizo wobadwira ku Johannesburg. Ubwino wake ndi woti umakupatsa poyezera, chifukwa munthu wa nkhawa amaona ngati tsiku lililonse ndi loipa chimodzimodzi.

Mukakhala m'chipinda chimodzi, mlangizi amagwira kandodo kokhala ngati eriyo ya wailesi n'kumakayendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwanu. Pali njira ziwiri zopezera malowo. Mwina iye amayang'anitsitsa nkhope yanu, ndipo akaona mwaphethira mwadzidzidzi, mwameza malovu, chikope chagwedera kapena kapumidwe kasintha, amaimika kandodo pomwepo. Mwina amakufunsani inuyo kuti chowawacho chikukula maso akakhala kumanzere, pakati kapena kumanja, kenako m'mwamba kapena m'munsi. Poti ife tinali pa foni, anandiuza kuti nditenge chinthu chachitali ndigwire ndekha. Ndinatenga mthiko.

Kumanzere, zii. Pakati, pang'ono. Nditapititsa mthiko kumanja n'kuukweza, chapafupi ndi pomwe khoma limakumana ndi malata, pakhosi panatsekeka.

"Imani pomwepo, amayi. Mwameza malovu kawiri. Kuseri kwa mthikowo kuli chiyani pakhoma?"

"Msomali."

"Tsitsani mkono, muziyang'ana msomaliwo. Ine ndili pompano. Musakakamize kalikonse, ingoonani chimene chibwere."

Kenako anakhala chete. Ichi n'chimene chimasiyanitsa njirayi ndi uphungu umene tinazolowera: mlangizi salankhula zambiri, sakulangizani zochita, sakuuzani kuti limbani mtima. Amakhala nanu tcheru, kwinaku akukuyang'anirani. Ena amakupatsani zomvera m'makutu zokhala ndi kanyimbo kofatsa kosinthana khutu lamanzere ndi lamanja, koma si zokakamiza, ine sindinazigwiritse ntchito.

Choyamba kubwera linali fungo, dizilo wosakanikirana ndi nsomba zouma. Kenako chikwama chachikulu chikugwa kuchokera m'mwamba chakumanja, komwe maso anga anali. Kenako nsapato ya mayi aja, yapulasitiki yobiriwira, ili yokha pakati pa magalasi osweka. Miyendo inayamba kunjenjemera yokha, chidendene chikugogoda pasimenti. Ndinafuna kuigwira, iwo anati, "Isiyeni, ikudziwa chimene ikuchita." Patapita nthawi kunabwera chinthu chimene sindinachiganizire kwa zaka makumi atatu: ngolo ya ng'ombe itagubuduka nafe kumudzi ku Katete tikuchokera kothyola thonje, ine ndili ndi zaka 9, ndipo m'malo mondinyamula akuluakulu anandikalipira kuti ndinakhala malo olakwika. Ndinalira kulira kwa mwana. Kenako ndinayamba kuyasamula, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, ndipo pakhosi panatseguka.

Pomaliza anandifunsanso nambala. Ndinati 5. Anandibwezera pa malo anga a bata kwa mphindi zingapo tisanatsanzikane. Tsiku limenelo ndinatopa ngati ndalima ndime yonse, ndipo usiku ndinalota zambiri. Anali atandichenjeza kale kuti zimatero. Tinakumana kasanu ndi kamodzi m'miyezi itatu. Musayembekezere kuti malo anu owawa adzagwirizana ndi komwe chinthu chinachokera ngati mmene zinalili ndi chikwama chija. Ulendo wina malo anga anali pansi chapakati, popanda chifukwa chooneka.

Zimene mungachite nokha: malo a bata

Gawo lokumba chowawa ndi la mlangizi. Gawo ili ndi lanu, ndipo ndi limene ndimachita pafupifupi tsiku lililonse.

Sankhani nthawi imene simuli pa mantha. Izi zimamveka zokhota, koma khasu sasulira m'munda mvula itagwa kale. Ine ndimachita m'mawa ana akapita kusukulu, ndisananyamuke kupita ku Kapata. Khalani pampando kapena pamphasa mutatsamira khoma, mapazi agunde pansi. Foni ikhale kutali. Mphindi 10 zikwana.

Yambani ndi thupi, maso abwera pambuyo. Yendani m'maganizo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kufunafuna malo amene ali phee. Simukufuna malo okoma kwambiri, mukufuna malo amene sakudandaula. Kwa ine ndi kuphazi, pomwe chidendene chagunda simenti yozizira. Mnzanga wina wa pamsika anapeza kuti ndi m'zikhatho akaziika pamaondo. Ena ndi kumsana pomwe watsamira khoma. Ngati thupi lonse likuoneka ngati likuwawa, funani pomwe pakuwawa pang'ono kuposa ponse, ngakhale ndi kunsonga ya khutu kapena chala chaching'ono chakuphazi. Mukapapeza, khalani pomwepo kwa kanthawi. N'potentha kapena n'pozizira? N'polemera kapena n'popepuka? Dziyankheni chamumtima.

Tsopano maso. Mutu usatembenuke, ayende ndi maso okha. Maganizo akadali paphazi paja, yang'anani kumanzere molingana ndi maso anu, muwerenge mpaka 10 pang'onopang'ono. Bwerani pakati, muwerengenso. Pitani kumanja. Pa malo atatuwa, ndi pati pomwe bata lija likumveka kwambiri? Kusiyana kwake kumakhala kochepa, ngati kusiyana kwa tiyi wa shuga masupuni awiri ndi wa masupuni atatu. Mwina mpweya umatsika mpaka m'mimba, mwina mapewa amagwa okha, mwina nsagwada zimamasuka. Mukasankha mbali, yesani m'mwamba, pakati ndi m'munsi mwa mbali yomweyo. Ngati penapake pakukwezani mtima, chokanipo, amenewo si malo a lero.

Mukapeza, onani chinthu chimene chili pomwepo kuti maso akhale ndi potsamira: mng'alu wa pakhoma, mwendo wa tebulo, duwa la pa nsalu ya pawindo. Anga nthawi zambiri amakhala pansi chakumanzere. Kunyumba ndinamatapo kachidutswa ka selotepi. Ndikakhala panja m'mawa, ndi tsinde la mtengo wa mango, phiri la Kanjala likuonekera chapatali kumbuyo kwake.

Khalani pamenepo mphindi zitatu mpaka zisanu. Phethirani mwachibadwa. Ine masiku oyamba ndinkatong'ola maso osaphethira poganiza kuti ndiye kuchita bwino, ndipo ndinkangotsala ndi mutu wowawa ndi misozi ya kuuma kwa maso. Kuyang'ana kwake n'kofewa, ngati mmene umayang'anira madzi akuyenda mumtsinje. Kupuma nako musakulamulire. Maganizo adzathawa ndithu, adzapita ku ndiwo za masana, ku ngongole, kwa apongozi. Mukazindikira kuti athawa, abwezeni paphazi ndi pa malo aja, popanda kudzikalipira.

Kuyasamula, kugeya, m'mimba kulira, misozi pang'ono, kutentha m'manja, kuusa moyo: zonsezi zimachitika thupi likamamasuka, musachite nazo mantha. Masiku ena sipachitika kalikonse. Palibe cholakwika, mwapumula basi.

Potseka musangodzambatuka. Yendetsani maso m'chipinda chonse, tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona, pondani pansi mwamphamvu, imwani madzi, kenako nyamukani.

Chitani zimenezi sabata yathunthu musanaonjezere china. Ndikudziwa kuti munthu wovutika amafuna kuthamangira ku vuto lenilenilo, ine ndinali chimodzimodzi. Koma thupi liyenera kuyamba laidziwa njira yobwerera kunyumba.

Kuyesa ndi nkhawa zazing'ono

Sabata ikatha, tengani nkhawa ya tsiku ndi tsiku. Ndalama ya chilimba yatsala masiku awiri ndipo simunaipeze. Mwana waitanitsa makolo kusukulu. Munakangana ndi mnzanu wa benchi yoyandikana. Ipatseni nambala. Ngati ipitirira 5, isiyeni, sankhani ina yocheperapo.

Pezani kaye malo anu a bata monga mwa masiku onse. Onani kuti malowo amatha kusuntha, lero pansi kumanzere, mawa pakati, choncho afufuzeninso mwachidule, musangokhulupirira selotepi. Maso ali pomwepo, itanani nkhawa ija. Onani pomwe yafikira m'thupi, kaya ndi m'mimba, pachifuwa kapena m'khosi. Musaithamangitse, musaikambirenso nkhani yaitali m'mutu. Ingoimvani kwa kanthawi, kenako bwererani kuphazi. Ikatsika pang'ono, ikhudzeninso, n'kubwereranso. Zili ngati kuphula poto wotentha pa mbaula wopanda chogwirira: umagwira pang'ono, kusiya, kugwiranso.

Pakatha mphindi 10 funsani nambala. Kwa ine kawirikawiri 5 amatsika kufika pa 3. Ngongole imakhala ilipobe, koma ndimatha kukhala pansi n'kuwerengera bwinobwino kuti ndigulitse mapisi angati kuti ndiipeze, chinthu chimene sindingachite mtima uli m'mwamba.

Ngati nambala ikukwera m'malo motsika, lekani. Chotsani maso pamalopo, imirirani, tulukani panja, sambani m'manja ndi madzi ozizira, lankhulani ndi munthu. Ndipo musachite gawo limeneli usiku pokagona. Ndinayesapo kamodzi, ndinachezera kugubuduka pabedi mpaka atambala.

Mukazolowera, malo a bata mumatha kuwapeza paliponse m'masekondi ochepa. Pa shopu ndili ndi mfundo ya thabwa pansi pa shelefu yachiwiri. Lole ikaliza mabuleki ndimaponda pansi, maso pa mfundoyo, ndipo kasitomala amangoona ngati ndikuganizira mtengo.

Pomwe simuyenera kuyenda nokha

Pali zinthu zimene sindingalole ngakhale m'bale wanga kuzikhudza yekha m'chipinda chotseka: kugwiriridwa, kumenyedwa, kuona munthu akufa, nkhanza za paubwana, ngozi ngati yanga ija. Zimenezi zikatseguka zimabwera ngati madzi a mumtsinje wa Luangwa mu February, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuzibweza. Pa vidiyo paja, chimene chinandigwira miyendo ikunjenjemera sanali msomali, anali mawu aja oti "ine ndili pompano". Mwini njirayi amanenanso kuti mlangizi ayenera kutchera khutu ku zinthu ziwiri nthawi imodzi, thupi la wodwala ndi ubale wa awiriwo.

Lekani ndipo funani thandizo ngati mukamachita mukumva ngati mwatuluka m'thupi lanu, ngati zinthu zokuzungulirani zikuoneka ngati si zenizeni, ngati mukutaya nthawi osadziwa kuti yapita bwanji, kapena ngati maloto oipa achuluka kuposa kale. Amene amamva mawu amene ena sakuwamva, amene akumwa mowa kwambiri kuti agone, ndi amene ali pa mankhwala a matenda a maganizo, ayambe akambirana ndi achipatala. Mankhwala musasiye chifukwa cha zimene mwawerenga pano.

Musayese kuchita zimenezi pa mwana wanu kapena mnzanu ndi mthiko m'manja. Kumusonyeza munthu malo a bata kulibe vuto. Kumufunafunira malo owawa n'kumuuza kuti akumbukire zimene zinamuchitikira, kumeneko n'kutsegula chilonda ulibe bandeji.

Ndipo ngati chimene chikukuopsani chikuchitikabe, ngati munthu amene amakumenyani mukugona naye nyumba imodzi, mantha anuwo akunena zoona, sakufunika kutontholetsedwa. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku One Stop Centre kuchipatala. Kuno ku Zambia nambala ya Lifeline, yoimba pofuna thandizo, ndi 933, ya ana ya Childline ndi 116, zonse n'zaulere. Mukakhala ndi maganizo ofuna kudzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Ku Chipata Central Hospital kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo kukiliniki ya kwanuko angakulembereni kalata yopitira kumeneko. Anthu amaopa kuti akawaona kumeneko adzati apenga, adzati za ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka. Ine ndinapitako kukafunsa za tulo, ndipo pamzere ndinakhala ndi aphunzitsi, alimi ndi amayi oyamwitsa.

Posankha mlangizi wa Brainspotting, mufunseni mosaopa kuti uphungu anauphunzira kuti ndipo analembetsa ku bungwe liti. Gawo loyamba la maphunziro a njirayi limatenga masiku atatu okha. Masiku atatu amakwana kuphunzira kugwira kandodo, koma sakwana kuphunzira chochita munthu akakomoka ndi mantha pamaso pako. Mukufuna munthu amene anali kale mlangizi, nesi wa za maganizo kapena dokotala, n'kuonjezerapo njirayi. Mufunseninso mtengo musanayambe, ndi kuti akuganiza kuti mukumana kangati. Amene akulonjeza kuti tsiku limodzi zonse zitha, musiyeni.

Ena anandifunsa kuchigwirizano ngati zimenezi si zamatsenga kapena zogoneka munthu tulo. Ayi. Umakhala uli maso, ukudziwa zonse, ndipo ukafuna kuleka umaleka. Ine ndimayamba ndi pemphero, kenako n'kuyang'ana tsinde la mango.

Ulendo wa ku Kamwala

Patatha mwezi chimalizireni kukumana ndi alangizi aja, ndinagula tikiti. Abambo akunyumba anandiperekeza kusiteshoni kusanache, atanyamula chikwama changa pa njinga. "Amake mwana, mukafika pa Nyimba mukaona kuti sizikuyenda, tsikani, ndidzabwera kudzakutengani." Ndinasankha mpando wapakati, wa m'mbali mwa kanjira. Basi isananyamuke ndinavula nsapato, kuponda pansi, n'kufufuza malo anga. Ndinawapeza pa bawuti ya mwendo wa mpando wakutsogolo, pansi chakumanzere, yopakidwa penti yofiira yoyamba kusupuka.

Mpaka pa Petauke ndinali pa 2. Pa Nyimba ndinagula nthochi koma sindinadye. Titadutsa Kacholola msewu n'kuyamba kukhotakhota, pakhosi panayamba. Tinaoloka mlatho wa Luangwa ndili pa 5. Basi itayamba kukwera Manenekela, injini ikulira mokoka, ndinafika pa 7, manja ali dzanzi, fungo la dizilo lija labwerera. Maso anafuna kuthawira m'mwamba kumanja, ku shelefu ya zikwama. Ndinawabweza pa bawuti. Chidendene pansi, bawuti, chidendene pansi. Mawondo ananjenjemera ndipo ndinawasiya.

Mnyamata amene ndinakhala naye, wa sukulu ya ukachenjede poona mabuku ake, anavula zomvera m'makutu. "Amayi, muli bwino? Ndiuze kondakitala?"

"Ndili bwino, mwana wanga. Ungondiuza tikafika pa Rufunsa."

Sanabwezerenso zomvera zake. Anakhala chete pambali panga, ndipo patapita nthawi ndinayamba kuyasamula. Atandigwira pamkono kuti amayi, pa Rufunsa ndi pano, ndinali pa 3. Ndinasenda nthochi ziwiri, imodzi ndinamupatsa, kenako ndinatulutsa foni kuimbira kunyumba.